Nsalu Yobwereka ya a Khansala

Mbayani yense ankanong'ona nkhani imodzi: ati a Khansala agulidwa. Pampopi, pachigayo, m'minibasi, ngakhale kuseri kwa tchalitchi kumene amayi amatsukira makapu, nkhani inali yomweyo. Wina ankati awapatsa puloti ku Chigumula. Wina ankati ayi, ndi galimoto, ikubisidwa kwa alamu awo ku Bangwe. Panalinso mayi wina wogulitsa makala amene ankalumbira kuti anawaona ndi maso ake awiriwa akudya nkhuku yathunthu m'tauni pamodzi ndi akuluakulu a chipani cha Nyali, mafupa ali mbwee patebulo. Koma akatsutsanatsutsana, onse ankatulutsa mafoni n'kuonetsana chithunzi chimodzimodzi.

A Khansala ake ndi Mayi Marjorie Nampinga, amake Stacy, aja ankagulitsa tomato pafupi ndi geti la msika. Kuti mumvetse chimene chinawawitsa anthu mitima chonchi, muyambe mwadziwa mmene mipando inakhalira kukhonsolo ulendo umenewo. Chisankho chitatha, chipani cha Ambulera chinapeza makhansala khumi. Chipani cha Nyali nachonso khumi, ndendende ngati anachita kuyeza pasikelo. Wotsala mmodzi anali Mayi Marjorie, woima payekha, wopanda chipani. Tsono meya amasankhidwa ndi makhansala okhaokha pakati pawo. Ndiye taganizani: mzinda wonsewu, kuyambira ku Chirimba mpaka ku Limbe, ukudikira chala cha mayi wa tomato.

Amayi a mumsika ndi amene anawaika pampandopo, chifukwa zipani ziwirizo zinali zitawafika pakhosi. A Ambulera analonjeza chimbudzi cha msika, anakumba dzenje, anajambulitsa, n'kupita. Dzenjelo muli achule mpaka lero. A Nyali ndiye anali oipitsitsa. Anyamata awo anabwera m'mawa wina ndi zibonga, anagwetsa mabenchi a amayi a nsomba, malo abwino a m'mbali mwa msewu n'kugawira azilongo awo ndi zibwenzi zawo. Choncho amayi anakhala pansi n'kusankha mnzawo wosaopa munthu. Pa kampeni Mayi Marjorie anakwera pa kireti ya tomato, chala m'mwamba.

"Ine nsalu ya chipani sindidzavala, kaya ndi ya ndani! Tsiku limene mudzandione nditaivala, mudzandipirikitse mumsika muno ngati galu wakuba usipa!"

Nthungululu zake tsiku limenelo zinamveka mpaka ku Chemusa.

Ndiye chithunzi chimene chinkayenda m'mafonicho chinali cha Mayi Marjorie omwewo atavala nsalu ya Nyali.

Nayi mmene nkhaniyo inayendera, osati zimene ankanena wa makala uja. Tsiku la tsokalo kunali maphunziro a makhansala atsopano m'tauni. Mayi Marjorie anavala suti ya thalauzi yakuda imene anaisankha pa kaunjika ku Limbe, ndipo ananyamula kachikwama katsopano kamene Stacy anawakakamiza. "Amayi, ndinu a Khansala tsopano, chichikwama cha kumsika chija chisiyeni, mukutichititsa manyazi." Kachikwama kake koti mukaikamo foni ndi mpango, kadzaza. Choncho chitenje, chimene mayi aliyense sayenda osanyamula, chinatsala pampando kunyumba.

Masana kunabwera uthenga kuti mayi ake a dalaivala wina wa kukhonsolo anamwalira ku Chimwankhunda, ndipo mwambo uli mkati. Makhansala onse anawakweza basi imodzi kuti akapepese. Atangotsika, maso a amayi onse anagwera pa thalauzi lija. Mukudziwa mmene amayi a pamaliro amayang'anira, kuyambira kunsapato kukwera pang'onopang'ono. Mayi wina wachikulire anafunsa mnzake mokweza dala:

"Awa abwera kumaliro kapena ku banki?"

Manyazi anawagwira Mayi Marjorie mpaka m'makutu munatentha. Apo ndi pamene panatulukira mayi wina wojintcha, wa mawu ofewa ngati wa kwaya.

"Asisi, musavutike, ine ndanyamula ziwiri. Tembenukani ndikumangeni."

Inali nsalu yabulauni ya timaluwa toyera, yatsopano, ikununkhira kusitolo. Mayi Marjorie anayang'ana kutsogolo, maluwa okhaokha. Anathokoza ndi manja awiri, analowa m'nyumba, anagwada, anapepesa anamfedwa, anaimba nawo nyimbo ziwiri zitatu. Osadziwa kuti kumbuyo, pamatako penipeni, pakhala chinyali chachikulu choyaka, ndi mawu ozungulira akuti NYALI NDI YATHU. Inali nsalu yatsopano ya chipanicho, imene inali isanagawidwe n'komwe. Ndipo mayi wachifundoyo anali Mayi Millicent, mkulu wa amayi a Nyali ku Chimwankhunda.

Ponyamuka anavula, anapinda osaitambasula, anabweza, anathokozanso. Basi isanafike pa Ginnery Corner, chithunzi chinali chitafika kale ku Mbayani, pansi pake atalembapo kuti: Takulandirani mayi.

M'mawa mwake Mayi Marjorie sanamwe ndi tiyi yemwe. Analunjika kumsika, kwa Halimatu. Halimatu ndi wapampando wa amayi a mumsika, wogulitsa nsomba zouma, ndipo ndi amene anatsogolera kampeni yonse. Benchi lake linali loyamba kugwetsedwa tsiku la zibonga lija, ndipo pachigongono ali ndi chipsera cha msomali.

"Achemwali, mwadzuka bwanji?"

Halimatu anapitiriza kuyala milu ya utaka osadzutsa mutu. "Tadzuka, bwana."

"Bwana ndi ndani? Halimatu, ndi ine."

"Eya, takuonani. Kutsogolo takuonani, kumbuyo takuonaninso."

Amayi a mabenchi oyandikana anaseka, kuseka kwake kopanda mano. Mayi Marjorie anafotokoza zonse, za kachikwama, za thalauzi, za mayi wa mawu ofewa. Ankalankhula mofulumira, thukuta lili kamukamu, ndipo ankadzimvera okha kuti nkhaniyo ikumveka ngati bodza la mwana wobwera mochedwa kusukulu.

"Munthu wamkulu ngati inu kumangidwa chitenje ngati mwana wa ku nazale?" anafunsa Shamila wa anyezi.

"Chabwino, kumbuyo kulibe maso," anatero wina, "nanga mutu unali kuti?"

"Nsalu imene ngakhale ovina a chipanicho sanailandire, inu mwaipeza bwanji? Imayambira kwa okondedwa, eti?"

Apo Halimatu anaimirira n'kupukuta manja. Sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinaopsa kwambiri.

"Amake Stacy, ine ndinayenda nanu khomo ndi khomo mpaka masilipasi anaduka. Kumzikiti ndinawauza amayi kuti uyu ndi wa ku tchalitchi koma ndi wathu, ndikumudziwa, tinakulira limodzi pa matope a msika uno. Dzulo amuna anga andifunsa kuti, mnzako uja ndi ameneyu? Ndinasowa choyankha. Ine Halimatu kusowa choyankha!"

"Ndikulumbira, anandichita chiwembu!"

"Musalumbire, munalumbira kale pa kireti. Lachinayi mukusankha meya. Ife tibwera konko, tikamve ndi makutu athu. Akaluza a Nyali, ndidzakupepesani pamaso pa anthu onsewa, ndidzagwada pamatope pompano. Koma akawina, mumsika muno musadzapondemonso. Tomato muzikagula ku Limbe. Ndipo pakhomo panu pakadzagwa zovuta, adzakuphikireni ndi a Nyali omwewo."

Mawu omalizawo analasa kuposa onse. Ku Mbayani munthu ukhoza kusowa chilichonse, koma osati anthu odzakhala nawe pamphasa tsiku la misozi.

Mayi Marjorie anatuluka mumsika mtima ukuwira. Anakwera minibasi ya m'tauni, kenako ya ku Chimwankhunda, njira yonse akukukuta mano. Kondakitala anawazindikira, n'kuyamba kuimba mluzu. "A Khansala lero pa minibasi? Galimoto ija yatha mafuta?" Anangomuyang'ana mpaka mnyamatayo anatembenukira pawindo.

Nyumba ya Mayi Millicent sinavute kupeza. Pachingwe panja panali patayanikidwa nsalu zabulauni zija mzere wonse, zinyali zikuvina ndi mphepo. Mwini wake anali pakhonde akusankha mpunga.

"Eee, alendo! Asisi anga a pamaliro! Khalani, ndikutengereni mpando."

"Mpando wanu ukhale. Tengani foni yanu mujambule mawu, muuze anthu kuti nsalu ija munandibwereka, ine sindinadziwe."

Mayi Millicent anatsegula maso ngati akudabwa. "Kodi ndinalakwa? Ndinaona mzimayi mnzanga ali maliseche pamaliro, ndinamuveka. Pamenepo ndiye mlandu?"

"Maliseche ndani?"

"Nanga thalauzi pamaliro n'chiyani, asisi? Ndipo munati Mulungu akudalitseni. Ndinamva ndi makutu anga."

"Munaika dala chinyali chanucho kumbuyo!"

"Nsalu imakhala mmene yakhalira. Ndinakugwirani pakhosi? Ndinakumangani ndi chingwe?" Anauzira mankhusu m'lichero, kenako anatsitsa mawu. "Tamverani, ndikuuzeni ngati mkulu wanu. Anthu akukunenani kale kuti mwadya. Ndiye muzinenedwa muli ndi njala? Bwerani kuno mudyedi. A Wilkins ndi munthu wabwino, saiwala amene awakumbuka."

A Wilkins Mulomba ndi amene ankaimira Nyali pa umeya, bambo wa mafuta onunkhira, waulemu ngati m'busa, amene anyamata ake akamaswa mabenchi iye amakhala ali ku Lilongwe nthawi zonse.

Mayi Marjorie anaona mdima. Anagwira nsalu imodzi pachingwe, n'kuikoka kuti aing'ambe pakati pamaso pa mwini wake. Nsalu yatsopano sing'ambika wamba. Ali mkati molimbana nayo, anamva kuseka kuseri kwa mpanda. Atacheuka, mafoni atatu ali m'mwamba. Anaiponya pansi ngati yawaotcha, koma zinali zitatheka kale. Asanafike pa siteji, chithunzi chachiwiri chinali chikuyenda: a Khansala ali pakhomo pa mkulu wa amayi a Nyali, nsalu ili m'manja. Pansi pake: Abwerera ina, yoyamba ija yawachepera.

Madzulo ake wailesi inawonjezera moto. Ankacheza ndi a Dalton Khuleya, oimira Ambulera pa umeya. A Dalton ndi bambo wa mimba yotsogola, wa mawu ngati hutala ya lole, aja anajambulitsa pa dzenje la chimbudzi atagwira fosholo yoyerayera. Chiyambireni sanawapatsepo Mayi Marjorie moni wa pamanja.

"Ife sitikudabwa," anatero a Dalton. "Mukatuma wa tomato kukhonsolo, chilichonse amachiyika pamulu. Voti yomwe amagulitsa, n'kuwonjezerapo banyira."

Stacy anathamangira kukatseka wailesi. Mayi ake anamuletsa ndi dzanja. Anamvetsera mpaka kumapeto, atakhala chiwongokere. Poyamba maganizo awo anali oti asavotere aliyense mwa awiriwo, pepala alisiye loyera, azikanganirana okha. Koma tsopano njira inali imodzi basi yotsukira dzina lawo. Ankayenera kuvotera chimunthu chomwechi chimene chikuwatukwana pa wailesi dziko lonse likumva. Akatero Ambulera ipeza khumi ndi imodzi, Nyali iluza, Halimatu agwada pamatope, nkhani yatha.

"Amayi, mukulira?"

"Sindikulira. Ndikuphika mkati. Kazitsuka mbale."

Lachinayi kunja kwa holo ya khonsolo kunali ngati kuli maukwati awiri odana. Uku amayi a Ambulera ndi nsalu zawo zapepo, uku a Nyali ndi zabulauni zija, ng'oma zikupikisana, fumbi lili koboo. Amayi a mumsika wa Mbayani anabwera pa minibasi ya hayala ya a Mikaili, alamu ake a Halimatu. Iwo sankavina. Anaima pansi pa mtengo, manja atapinda pachifuwa, ngati anthu odikira dokotala atuluke.

Mayi Marjorie atatsika pa kabaza, amayi a Nyali anayamba kuimba dzina lawo. A Ambulera anayamba kukuwa: "Tomato! Tomato! Mulu zingati?" Iwo anadutsa pakati, osayang'ana uku kapena uku. Kwa Halimatu yekha ndi kumene anaponya diso. Halimatu sanaphethire.

Pakhomo la holo panali dengu. Khansala aliyense ankasiyamo foni, kuti wina asajambule pepala lake lovotera. Mayi Marjorie sizinawakomere, chifukwa ankadalira kujambula pepalalo kuti akaonetse kumsika. Anasiya foni monyinyirika. Atangokhala pansi onse, khumi uku, khumi uku, iwo okha kampando ka pakati, anakweza dzanja.

"A mlembi, ine ndikupempha kuti tivote pokweza manja. Aliyense aoneke."

Mlembi wa khonsolo, bambo wa magalasi, anapukusa mutu. "Malamulo salola, mayi. Voti ndi yachinsinsi."

"Ndiye ine ndikachonga ndionetsa pepala langa."

"Mukaonetsa, pepalalo lawonongeka, sitiliwerenga."

Mayi Marjorie anaimirira. "Chabwino. Pakamwa panga palibe lamulo. Imvani nonse, ndi inu atolankhani kumbuyoko lembani. Ine Marjorie Nampinga ndikuvotera a Dalton Khuleya. Sindikuwakonda, ndi amwano, anatisiyira achule kumsika. Koma ndikuwavotera."

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Khansala wina wa Nyali anawatsinzinira diso moonetsera kuti aliyense aone. "Eee, nenani choncho mayi, ife tikumvana!" A Wilkins anangomwetulira, akusisita mphete yawo. A Dalton sanatembenuke n'komwe.

"Tiona m'bokosi, mayi wa tomato."

Anaitanidwa mmodzimmodzi. Itafika nthawi yawo, Mayi Marjorie analowa kuseri kwa katani, anapeza dzina la a Dalton, n'kuchonga mwamphamvu mpaka bolopeni inatsala pang'ono kuboola pepala. Anayang'ananso kachiwiri, kachitatu, kuopa kuti mkwiyo ungawasocheretse dzanja. Panali pomwepo. Anapinda, anaponya m'bokosi, anabwerera pampando akupuma ngati atula mtolo wa nkhuni.

Mlembi anakhuthula bokosi patebulo n'kuyamba kuwerenga mokweza, pepala lililonse akulionetsa m'mwamba. A Dalton. A Wilkins. A Wilkins. A Dalton. Mayi Marjorie ankapinda zala pansi pa tebulo. Milu iwiri inkakula mofanana, wina akatsogola mnzake n'kumupeza. Mpaka a Wilkins khumi, a Dalton khumi, patebulo patatsala pepala limodzi. Mayi Marjorie anayamba kumwetulira. Ankaona kale Halimatu akupukuta mawondo.

Mlembi anatambasula pepalalo, anakonza magalasi.

"A Wilkins Mulomba."

Mbali ya Nyali inalumpha ngati yagwidwa ndi magetsi. Mayi Marjorie anawerenganso pa zala. Khumi ndi imodzi kwa khumi? Zatheka bwanji? Voti yawo ili m'mulu wa a Dalton, anaichonga okha, ndi dzanja lawo lomweli. Ndiye kuti m'mulu wa khumiwo, mavoti a Ambulera enieni ndi asanu ndi anayi okha. Ndiye kuti mmodzi wa Ambulera, mmodzi mwa khumi akhala apowa ndi mataye awo apepo, waponyera Nyali.

Apo ndi pamene zonse zinawatsegukira. A Nyali sankafuna voti yawo ayi. Anali atagula kale munthu wawo mkati mwa Ambulera. Chimene ankasowa ndi munthu woti asenze mlandu, kuti wogulidwa weniweniyo asadziwike, apitirize kukhala m'misonkhano ya Ambulera n'kumawatengera nkhani. Ndipo munthu wosenza mlanduyo anadzibweretsa yekha pamaliro atavala thalauzi.

Makhansala onse khumi a Ambulera anali ataimirira, zala zonse zikuloza kampando ka pakati.

"Wakuba!"

"Wagulitsa mzinda!"

"Ndipo anaima pompano kunama, Mulungu akumuona!"

Mayi Marjorie anamenya tebulo mpaka botolo la madzi linagwa. "Werengani bwino, zitsiru inu! Yanga ili mwa a Dalton! Mwa inu khumi mmodzi wadya! Yang'ananani!"

Palibe anayang'ana mnzake. Mayi Marjorie ndi amene anawayang'ana, nkhope ndi nkhope. Wa ku Ndirande mitsempha ili tolotolo pakhosi. Wa ku Bangwe akupukuta misozi ndi mpango. Wa ku Zingwangwa akufuna kuvula nsapato kuti agende. Onse akukuwa mofanana, malovu akuthovoka mofanana. Mmodzi mwa iwo ankachita sewero, ndipo ankalichita bwino kuposa onse.

"Tamverani," anabangula a Dalton, "wagwidwa ndi nkhuku m'manja, akuloza anzake!"

"Inuyo a Dalton, m'malo mofufuza m'nyumba mwanu mukulimbana ndi ine? Ndakuvoterani ine! Ndadzidetsa dzanja chifukwa cha inu!"

Asanamalize, fungo la mafuta onunkhira linawafika pamphuno. A Wilkins, meya watsopano, anali atadutsa anthu awo onse osawapatsa moni, n'kulunjika kwa Mayi Marjorie. Anawagwira dzanja ndi manja awiri, anawerama pang'ono, n'kutembenukira kwa ojambula.

"Mayi, zikomo. Mbayani sitidzaiiwala."

Mayi Marjorie anasolola dzanja ngati agwira chule. "Ndisiye, mfiti iwe!" Koma makamera anali atathwanima kale, ndipo chithunzi sichijambula mawu.

Anatola foni yawo m'dengu n'kutuluka chothamanga. Kunja nkhani inali itafika. Amayi a Nyali anawazinga ndi nthungululu, Mayi Millicent ali patsogolo akuvina chobwerera m'mbuyo, akuwakupiza ndi mpango. Mayi Marjorie anawakankha, anadutsa, chidendene cha nsapato chinathyoka, sanaime. Pansi pa mtengo paja panalibe munthu. Amayi a mumsika anali akukwera kale minibasi yawo, mwakachetechete, mmodzimmodzi. Halimatu anali womaliza, phazi limodzi lili kale mkati.

"Halimatu! Achemwali! Dikirani!"

Halimatu anatembenuka.

"Ndavotera a Dalton. Pali mwana wanga Stacy, ndavotera a Dalton. Wina wa Ambulera ndi amene wagulidwa, ine angondiika patsogolo. Tandiyang'anani m'maso!"

"Ndani?"

"Sindikumudziwa."

"Pepala lanu lili kuti?"

"Lili m'mulu, silikhala ndi dzina."

"Amene anakuonani mukuchonga?"

"Kunali katani, Halimatu, mukudziwa inunso mmene amavotera!"

Halimatu anawayang'ana m'maso. Maso ake anali ofiira, ndipo kwa kanthawi Mayi Marjorie anaganiza kuti wamva. Kenako Halimatu anapukusa mutu.

"Amake Stacy, ine sukulu ndinalekera panjira, koma kuwerenga milu ndimatha. A Nyali anali teni. Apeza leveni. Wopanda chipani m'holomo analipo mmodzi."

"Ndiye mwandiweruza?"

"Ndikanakonda ndikanagwada pamatope paja. Ndinabwera nditakonzeka."

Halimatu analowa n'kukhala. A Mikaili, amene nkhani za ndale sizinkawakhudza, anasuzumira pagalasi, n'kuona mayi ataima padzuwa, nsapato imodzi m'manja.

"Kodi a Khansala sakwera? Kumbuyoko mukasenderana malo apezeka."

Palibe anasendera. Shamila anayang'ana pawindo. Wina anaika dengu lake pampando. Mayi Marjorie anagwira chitseko, ukali utawadzadza, osati pa amayiwo ayi, koma pa khumi aja, pa mmodzi uja amene madzulo ano akafika kwawo n'kulandiridwa ngati ngwazi imene yaberedwa, mkazi wake n'kumutenthetsera madzi osamba.

"Ine sindinagulitse munthu," anatero, mawu atasasa. "Zaka zisanu zikubwerazi ndikhala pakampando kaja ndekha, uku akundilavulira, uku akundiseka. Ndikamupeza ameneyo, ndidzamukokera mumsika ndi taye yake. Koma lero ndikufuna ndipite kwathu ndi anthu akwathu. Senderani."

Injini inkalira. A Mikaili ankadikira, dzanja lili pa giya. Amayi onse anayang'ana kwa Halimatu, Halimatu anayang'ana pansi.

Tsono inuyo, mukanakhala m'minibasi imeneyo, zithunzi zija mutaziona ndi maso anu, teni ndi leveni mutamva ndi makutu anu, mayiyo ataima pachitseko opanda umboni ngakhale umodzi koma pakamwa pake pokha, mukanasendera?